Kujambula ziwiya zonyezimira pa tebulo la kunyumba

MwanaWaKatete
Moni nonse a pa gulu lino. Ndimakhala ku Kabwata m'nyumba ya zipinda ziwiri, ndipo pakona ya chipinda chochezera ndaikapo tebulo lomwe ndimajambulirapo ziwiya za tsiku ndi tsiku: mthiko, chipande, lichero, makapu, ketulo ya aluminiyamu ndi zina zotero. Zamtengo ndi zansungwi zimatuluka bwino ndithu, koma chilichonse chonyezimira chikundisowetsa mtendere. Pa ketulo pamaoneka kadontho koyera kothobwa m'maso, pambali pake n'kuonekanso ineyo nditagwira kamera, pamodzi ndi chitseko ndi kabati yonse. Ndikajambula usiku, zonse zimasanduka zachikasu. Kamera yanga ndi Canon yakale yokhala ndi lenzi ya 18-55mm. Kodi ndiyambe kusunga ndalama zogulira nyali za mu situdiyo, kapena pali chimene ndingachite ndi zomwe ndili nazo kale?

Matero_Pix
Gulani softbox imodzi, nyali ya mu situdiyo ya m'bokosi lokutidwa ndi nsalu yoyera kutsogolo, ndi choimikira chake, vutolo litheratu. Zina zonse zimene akuuzeni pano n'zongokuchedwetsani.

AgogoAKamera
A Matero_Pix, musamuthamangitsire munthu ku sitolo asanamvetse chimene chikuchitika pa tebulo lake, chifukwa adzagula softbox imeneyo n'kukapezanso kadontho komweko, kungoti tsopano kadzakhala ka makona anayi.

A MwanaWaKatete, mthiko ndi lichero sizikuvutani chifukwa ndi zokhakhala, ndipo kuwala kukafikapo kumabalalikira mbali zonse. Ketulo ndi nkhani ina. Chitsulo chosalala chimabweza chithunzi cha chilichonse chimene chili patsogolo pake, ndipo popeza ketuloyo ndi yobulungira, imaona pafupifupi chipinda chonse nthawi imodzi. Kadontho koyera kaja ndi babu lanu lenilenilo, ndipo kakuoneka kakang'ono ndi kowala mopitirira chifukwa babulo ndi laling'ono komanso lili kutali, kudenga. Ntchito yanu tsono ndi kukonza zimene ketuloyo ikuona. Zimitsani babu, sendezani tebulo pafupi ndi zenera, ndipo pazenerapo mupachike nsalu yoyera yopyapyala, ngakhale shiti ya pabedi yomwe yatha kale. Nsaluyo ikawala yonse, pa ketulo padzaoneka mzere waukulu woyera wofewa m'malo mwa kadontho. Mbali inayo muimikeko pepala loyera la manila, kapena chinthu choyera chopepuka chija chomwe chimabwera m'makatoni a firiji, kuti chibwezere kuwala ku mbali yamdima. Kuti inuyo musaoneke, matani pepala loyera pa katoni, muboole pakati, lenzi izisuzumira pa bowolo.

Chenjezo langa ndi lakuti musazinge ketulo ndi zoyera zokhazokha, chifukwa idzasiya kuoneka kuti ndi chitsulo. Siyani mpata umodzi wamdima, kapena ikani kachidutswa ka pepala lakuda cha pambali, kuti mzere wakudawo utsatire kupindika kwa ketulo kuchokera pa chivundikiro mpaka pansi.

MwanaWaKatete
Zikomo kwambiri agogo, zimenezi zikumveka. Mazenera ndili nawo awiri, lina loyang'ana kum'mawa, lina kummwera. Lakum'mawa ndi limene limawala kwambiri, ndiye ndimaganiza kuti ndilo loyenera.

Mphunzitsi_Chelstone
Ine ndingasankhe lakummwera. Malangizo ambiri a zojambula amachokera ku Ulaya ndi ku America, ndipo amanena za zenera loyang'ana kumpoto chifukwa kumeneko dzuwa limadutsa chakummwera, moti zenera lakumpoto limangolandira kuwala kwa thambo komwe sikusinthasintha. Ifeyo kuno ku Lusaka tili pa madigiri 15 kummwera kwa ikweta, choncho malangizo amenewo tiyenera kuwatembenuza. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka pakati pa Seputembala dzuwa limatuluka, kudutsa ndi kulowa chakumpoto, kotero pa zenera lakummwera silifikapo n'komwe, ndipo mukhoza kugwira ntchito maola angapo kuwala kuli pafupifupi chimodzimodzi. M'miyezi ya Novembala, Disembala ndi Januwale dzuwa limapendekera kummwera ndipo m'mawa ndi madzulo limalowa pa zenera limenelo, ndiye nsalu imene anena agogo ija imafunika kwambiri. Zenera lakum'mawa limawaladi, koma mthunzi umene mwaukonda pa 7 koloko sudzakhalaponso pofika 8 koloko.

Matero_Pix
Zonsezo ndi zabwino kwa munthu amene akujambula pofuna kudzisangalatsa yekha. Ine ndimajambulira anthu amalonda, ndipo munthu akabweretsa mabotolo a uchi kapena a chiponde lero, ena n'kudzabweretsa sabata yamawa, amafuna kuti zithunzi zonse zifanane akaziika pamodzi. Nthawi ya mvula mtambo umaphimba dzuwa n'kulisiyanso usanamalize n'komwe kukonza tebulo. Nyali imene ndaiimika pa malo amodzi ndi mphamvu imodzi imandipatsa zomwezo usana ndi usiku. Zenera sindikulinyoza, koma silimvera munthu.

Dzuwa_Laulere
Nanga nyali yanuyo inkakumverani mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi akumazima pafupifupi tsiku lonse?

Matero_Pix
Ndi ya batire, achimwene, ndipo ndinkaitchaja ndi sola.

AgogoAKamera
Mfundo ya a Matero_Pix ndi yoona pa ntchito yamalonda, ndipo sindikuitsutsa. Chimene ndikukana ndi kuyambira pa kugula. Lamulo ndi limodzi, kaya ndi zenera kaya ndi nyali: chowunikira chikakhala chachikulu ndiponso pafupi ndi chiwiya, mithunzi imafewa, ndipo chikakhala chaching'ono kapena kutali, mithunzi imauma. Softbox yaikulu bwanji mukaiimika kumapeto kwa chipinda, ketulo idzaiona ngati kadontho. Palinso nkhani ya mtunda. Mukatalikitsa nyali kuwirikiza kawiri, kuwala kofika pa chiwiya kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Zimenezi n'zothandiza m'chipinda chaching'ono, chifukwa mukasendeza tebulo pafupi ndi chowunikira n'kulitalikitsa ndi khoma lakumbuyo, khomalo limada lokha popanda kulipenta. Munthu amene waphunzira zimenezi ndi shiti ndi katoni, tsiku lomwe adzagule nyali adzadziwa kale poiimika.

FundiWaMawaya
Funso la chikasu cha usiku lija silinayankhidwe. Kuwala kuli ndi mtundu wake, ngakhale maso athu amazolowera msanga n'kumaona zonse ngati zoyera. Babu lolembedwa 2700K kapena 3000K limatulutsa kuwala kopita ku chikasu, dzuwa la masana lili cha m'ma 5500K, ndipo mababu a LED olembedwa 6500K amapita ku buluu. Kamera imakonza mtundu umodzi pa nthawi imodzi, ndiye mukasakaniza zenera ndi babu, mbali ina ya mbale idzakhala yachikasu, ina yabuluu, ndipo kukonza zimenezo pa kompyuta ndi chintchito. Sankhani chowunikira chimodzi. Ikani pepala loyera pomwe pakhale chiwiya, lijambuleni, kenako muuze kamera kuti white balance, ndiye kuti kakonzedwe ka mtundu wa kuwala, itengere pa chithunzi chimenecho. Makamera a Canon ali ndi malo ake mu menyu. Ngati mukujambula RAW, mtundu wa fayilo imene kamera sinaikonze, mukhoza kudzakonza mtunduwo pambuyo pake popanda kuwononga chithunzi.

Pali zinanso ziwiri. Magetsi athu ndi a 50Hz, ndipo machubu ndi mababu ena a LED amaphethira ka 100 pa sekondi iliyonse, zomwe diso siliona koma kamera imaona. Mukapeza mizere yakuda yopingasa pa chithunzi, kapena zithunzi ziwiri zotsatizana zikusiyana kuwala, ikani shutter, kachitseko ka m'kamera kolowetsa kuwala, kuti izitseguka kwa 1/50 ya sekondi kapena yochedwerapo. Chinanso, mababu otchipa otchaja aja omwe tinadzaza m'nyumba chifukwa cha kuzima kwa magetsi amawala ndithu, koma ambiri amafooketsa mtundu wofiira, moti tomato wongothyoledwa kumene amaoneka wogona masiku. Pogula babu lojambulira muziyang'ana nambala ya CRI pa bokosi, yosonyeza mmene babulo limaonetsera mitundu molondola, ikhale 90 kapena kuposerapo.

MayiWaMadengu
Mundilole ndilowerereko, ngakhale ine kamera ndilibe. Ndimagulitsa madengu ndi miphika yadothi pa Facebook ndi WhatsApp, ndipo ndimajambula ndi foni. Vuto langa ndi lakuti mphika umatuluka ndi kamwa yaikulu ndi matako aang'ono, mpaka ogula ena amakayika ngati ungakhazikike pamoto.

Kalilole84
Mayi, mukuyandikira kwambiri. Lenzi yaikulu ya mafoni ambiri ndi yotakata, yofanana ndi 24mm kapena 26mm, ndipo mukaifikitsa pafupi ndi mphika, mbali yomwe ili kufupi ndi foni imafufuma pomwe yakutali imachepa. Bwererani m'mbuyo mapazi awiri kapena atatu, mudine 2x ngati foni yanu ili nayo, ndipo mutsitse foniyo kuti ifike pa msinkhu wa mimba ya mphika m'malo moujambula mutaimirira. Pukutani lenzi ndi nsalu yofewa musanayambe, chifukwa mafuta a zala ndiwo amachititsa kuti chithunzi chizioneka ngati muli nkhungu. Fulashi ya foni muizimitse, popeza imawunika kuchokera pomwe pali lenzi ndipo imafafaniza mizere yonse imene woumba anajambula pa khosi la mphika. Mizere yoteroyo imaoneka kuwala kukabwera chammbali.

MayiWaMadengu
Zikomo mwanawanga, ndiyesa. Nanga chitenje chimene ndimayala pansi chili bwino? Ndimasankha zowala kwambiri ku Kamwala kuti anthu aziima akaona chithunzi.

Kalilole84
Amaimadi, koma amaimira chitenjecho. Ine ndingachichotseretu.

Nsungwi_Bauleni
Apa ndiye sindikugwirizana nanu, a Kalilole84. Tikachotsa chitenje, mphasa ndi zina zonse n'kumaika chilichonse pa pepala loyera, zithunzi zathu zidzafanana ndi za m'sitolo iliyonse ya pa intaneti, ndipo munthu sadzadziwa kuti mphikawo ndi wa kuno. Chofunika ndi kusankha. Dengu lili kale ndi maluko akeake, ndiye likakhala pa chitenje cha maluwa akuluakulu diso limasowa poima. Koma mphika wakuda wosalala umakhala bwino pa chitenje cha mitundu iwiri yokha, makamaka mukachipinda kuti chingoonekera pakona, kapena mukachipachika kutali kumbuyo kuti chisaoneke bwinobwino. Zoyala zina zili m'nyumba momwemo: thabwa lakale la chitseko, chiguduli, ngakhale pansi pa simenti popakidwa polishi wofiira. Mungosamala kuti chofiira chimabwezera mtundu wake pa chiwiya choyera, moti kunsi kwa kapu kumaoneka kofiirira.

MwanaWaKatete
Ndaika zithunzi ziwiri zimene ndajambula m'mawa uno pa zenera lakummwera. Choyamba ndi ketulo ija, chachiwiri ndi poto wa nsima ndi mthiko. Potoyo ndinamukwecha ndi sitilu wulu kuti mwaye uchoke. Chimene chikundidabwitsa ndi chakuti mlomo wa ketulo ukuoneka bwino pomwe chogwirira chake sichikuoneka bwinobwino.

AgogoAKamera
Mzere woyera uja wakhala bwino, ndipo wakuda wa kumanzere ndi umene waipatsa ketulo thupi. Za chogwirira, kamera yatsegula bowo la lenzi mpaka f/5.6, ndipo mukakhala pafupi chonchi, dera looneka bwino limachepa kwambiri. Ikani f/8 kapena f/11 kuti bowolo lichepe, ISO (mmene kamera imamvera kuwala) ikhale 100, shutter ichedwe mmene ingachedwere, chifukwa ketulo siithawa. Musapitirire mpaka f/22, popeza pamenepo chithunzi chonse chimayamba kufewa. Kamera ikhale pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, ngati mulibe muikhazike pa mulu wa mabuku kapena pa kathumba ka mpunga, ndipo mugwiritse ntchito timer ya masekondi 2 kuti chala chanu chisaigwedeze. Lenzi yanu muikokere ku 55mm n'kubwerera m'mbuyo, pa chifukwa chomwe chija anauzidwa amayi a madengu. Ojambula oyambirira ankakonda ziwiya chifukwa sizigwedezeka: m'zaka za m'ma 1840 William Henry Fox Talbot wa ku England anajambula mashelefu a makapu, mbale ndi matambula, pa nthawi imene munthu ankayenera kukhala duu kwa nthawi yaitali kuti chithunzi chituluke.

Nsungwi_Bauleni
Ine chikundiwawa ndi poto uja. Mwamukwecheranji? Mwaye wa kunsi, kamphako ka pambali ndi chogwirira chomangidwa ndi waya ndizo zimasonyeza kuti potoyu wadyetsa banja zaka zambiri. Tsopano wangotsala chitsulo chonyezimira chimene munthu angachipeze mu sitolo iliyonse ya mu Cairo Road. Yang'anani mthiko umene uli pambali pake, mmene wadyekera mbali imodzi chifukwa cha kupakasa pansi pa poto, ndi mmene chogwirira chake chadera ndi dzanja. Mthikowo ndi umene ukukopa diso pa chithunzi chonsecho.

AnaBanda_Woodlands
Achimwene, inu mukulankhula ngati munthu amene sanakwechepo poto. Kwathu mayi amene mapoto ake ali bii pa thandala amanenedwa m'mudzi monse, ndipo amayi athu ankawatsuka ndi mchenga ndi phulusa mpaka aziwala, n'kuwayanika poonekera kuti odutsa aone. Kunyezimira kumeneko ndi mbali ya moyo wa potoyo, mofanana ndi mwaye umene mukuulirirawo. Chinanso chimandivuta. Pali chizolowezi china chakuti chithunzi cha kwathu kuno chimatchedwa chaluso pokhapokha chinthucho chikhale chakuda, chong'ambika kapena chobooka, ndipo kawirikawiri oyamikira zithunzi zoterozo ndi anthu amene sadyera m'mbale zimenezo. Mwini poto atafunsidwa kuti poto wake aoneke bwanji pamaso pa anthu, ndikudziwa chimene angayankhe.

Nsungwi_Bauleni
Achemwali, sindikunena kuti tizijambula uve. Zotsalira za nsima ndi mafuta zichoke ndithu. Koma kudyeka kwa chiwiya si litsiro.

AnaBanda_Woodlands
Kudyeka ndavomera, ndipo sitilu wulu sakuchotsa. Mwaye ndiye ayi.

Mphunzitsi_Chelstone
Mkangano wanuwu uli ndi mbali ina yokhudza kuwala. Poto wokwechedwa amakhala ndi timizere tambirimbiri tozungulira tosiyidwa ndi sitilu wulu, ndipo timeneti timabalalitsa kuwala, moti ndi wosavuta kumujambula kusiyana ndi watsopano wa mu sitolo. Poto wa mwaye amameza kuwala, ndiye mukamuwunikira kuchokera kutsogolo amangokhala chinthu chakuda chopanda maonekedwe. Amafuna kuwala kochokera kumbuyo chammbali kuti m'mphepete mwake muonekere. Onse awiri akhoza kupereka chithunzi chabwino, koma wojambula asankhe akudziwa chimene akufuna kunena. Chithunzi chotchuka cha Edward Weston wa ku America, chimene anajambula mu 1930, ndi cha tsabola wobiriwira mmodzi yekha, wokhotakhota, yemwe ambirife tikanamusiya pa mulu ku Soweto Market. Anamuika m'kati mwa fanelo yachitsulo kuti kuwala kumuzungulire, ndipo mpaka lero anthu amaima n'kumachiyang'ana. Tsabolayo sanali wonyansa kapena wokongola mwapadera, koma mwiniwake anakhala naye nthawi mpaka ataona poimika kamera.

Matero_Pix
Tsabola wa a Weston sankafunika kugulitsidwa. Amayi a madengu atsuke miphika yawo, aijambule poyera, ogula aone chimene akulipira.

Dzuwa_Laulere
Popeza tafika pa za kukhitchini, ine ndikufuna kujambula mbaula makala ali psuu, kuwala kukutulukira m'mabowo ake, pamwamba pali poto akutuluka nthunzi. Ndikuganiza zotseka mazenera ndi makatani onse kuti m'chipinda mude bwino. Nanga ndiike shutter yotani?

FundiWaMawaya
Musayerekeze n'komwe kuchita zimenezo. Makala oyaka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo m'chipinda chotseka umamugonetsa munthu asanazindikire kuti china chake chalakwika. Nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi timamva za anthu amene amwalira atagona ndi mbaula m'nyumba. Tulutsani tebulo lanu pakhonde kapena panja.

AgogoAKamera
A FundiWaMawaya anena zoona, ndipo panja ndi pomwenso chithunzicho chingatuluke bwino. Mu mdima wandiweyani mudzangopeza timadontho tofiira popanda mbaula. Dikirani dzuwa litangolowa, thambo lidakali ndi kuwala pang'ono kokwanira kusonyeza chitsulo cha mbaula, pomwe makala ayamba kuoneka kufiira. Kuno nthawi imeneyo ndi yaifupi, siikwana theka la ola, ndiye mukonzeretu zonse kudakali kowala. Yezani kuwala ndi kamera pa makala enieniwo, chifukwa mukaisiya kamera isankhe yokha idzawalitsa mopitirira ndipo kufiira kudzasanduka koyera. Kupepeza makala ndi katoni mutatsala pang'ono kudina kumawawalitsa, koma dikirani phulusa likhazikike lisanafike pa lenzi.

Nthunzi ndi nkhani yosiyana pang'ono. Imaoneka pokhapokha kumbuyo kwake kukhale kwakuda ndipo kuwala kuidutse kuchokera kumbuyo kapena chammbali, ndiye tochi yaing'ono yobisidwa kuseri kwa poto, yoyang'ana m'mwamba, imakwanira. Shutter yochedwa imaisandutsa chifunga chopanda maonekedwe, choncho pa nthunzi mufunika 1/125 kapena yofulumirirapo, ndipo muyenera kukweza ISO mpaka 800 kapena 1600 kuti zitheke.

MayiWaMadengu
Agogo, nanga nsima yeniyeniyo ndingaijambule bwanji? Mwana wanga wayamba kugulitsa chakudya cha masana kwa anthu a m'maofesi, ndipo mitanda ya nsima pa zithunzi zake imangooneka yoyera mbee, yopanda maonekedwe.

AgogoAKamera
Nsima yoyera pa mbale yoyera imasokoneza kamera, ndiye aiike pa mbale yakuda kapena yabuluu, zenera likhale kumbuyo kwa mbale chakumanzere kapena chakumanja kuti mtanda uliwonse ukhale ndi mthunzi wake. Pa foni adine pa nsimayo n'kutsitsa kuwala pang'ono mpaka mizere ya chipande ionekere. Akonzeretu tebulo ndi mbale yopanda kanthu, ndiwo zikhale pamalo pake, nsima ibwere pomaliza kuchokera pamoto, chifukwa ikangokhala pang'ono imauma pamwamba ndipo kusalala kwake kumatha.

Matero_Pix
Ndipo apukute msuzi wodontha m'mphepete mwa mbale asanadine. Zithunzi zambiri za chakudya zimene anthu amanditumizira kuti ndiwakonzere, vuto lake limakhala limenelo.